Pulofesa Sylvia Tamale wa ku Uganda: mafunso ndi mayankho okhudza maphunziro, mabuku ndi ntchito yawo yomenyera ufulu

Dzina la Sylvia Tamale limatchulidwa kawirikawiri pakati pa ophunzira zamalamulo, atolankhani ndi mabungwe omenyera ufulu wa amayi, koma ambiri amangodziwa mbali imodzi ya mbiri yawo, makamaka mbali imene imautsa mkangano. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza. Ayamba ndi osavuta, kenaka alowa m'nkhani zozama.

Kodi Sylvia Tamale ndi ndani?

Sylvia Tamale ndi mayi wa ku Uganda, pulofesa wa zamalamulo, amene aphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Makerere mumzinda wa Kampala. Mu 2004 anasankhidwa kukhala mkulu wa nthambi ya zamalamulo payunivesitepo, udindo umene anaugwira mpaka 2008, ndipo anali mayi woyamba kukhala pampando wotero m'dziko la Uganda. Makerere si sukulu wamba, chifukwa inayamba mu 1922 ndipo atsogoleri ngati Julius Nyerere wa ku Tanzania ndi Mwai Kibaki wa ku Kenya anaphunzira pamenepo, choncho zimene zimayankhulidwa pa Makerere zimamveka kutali.

A Tamale amadziwika ndi kafukufuku wokhudza jenda, zakugonana ndi malamulo, komanso ndi kuyankhula poyera pa nkhani zimene anthu ambiri amaopa kuzitchula. Mabuku awo odziwika kwambiri ndi atatu: When Hens Begin to Crow la 1999, African Sexualities: A Reader la 2011, limene anasonkhanitsamo zolemba za anthu ambiri, ndi Decolonization and Afro-Feminism la 2020. Amuna awo, Pulofesa Joe Oloka-Onyango, nawonso ndi katswiri wa zamalamulo pa Makerere pomwepo.

Anaphunzira kuti, ndipo chinawachititsa n'chiyani katswiri wa malamulo kukaphunziranso za kakhalidwe ka anthu?

Digiri yawo yoyamba ya zamalamulo anaipeza pa Makerere, yachiwiri pa Harvard ku America, ndipo digiri ya udokotala anaimaliza mu 1997 pa yunivesite ya Minnesota, kumene anaphunzira za kakhalidwe ka anthu ndi za maufulu a amayi. Njira imeneyi ikufotokoza zambiri za ntchito yawo. Munthu amene wangophunzira malamulo okha amazolowera kufunsa kuti ndime yakuti ikunena chiyani ndipo makhoti anaitanthauzira bwanji. Amene waphunziranso kakhalidwe ka anthu amawonjezera mafunso ena: lamuloli analilemba ndani, analilembera yani, ndipo likafika pamudzi kapena pamsika limamukhudza bwanji mayi wogulitsa nthochi? Mafunso achiwiriwa ndi amene amapezeka m'zolemba zonse za a Tamale.

Maphunziro a jenda ndi zakugonana ndi maphunziro otani? Kodi si zolaula chabe?

Funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo m'pomveka chifukwa ambiri tinaleredwa kuti nkhani za kuchipinda sizikambidwa pagulu. Komabe boma limazikamba pagulu tsiku ndi tsiku kudzera m'malamulo. Lamulo ndi limene limanena zaka zimene munthu angalowere m'banja, chimene chimatchedwa kugwiririra, zifukwa zothetsera ukwati, amene angalandire chuma cha masiye, ngati mayi angachotse pakati, ngakhalenso zovala zimene munthu angamangidwe nazo. Maphunziro a jenda ndi zakugonana amafufuza mmene malamulo, zipembedzo, miyambo ndi chuma zimalamulirira matupi a anthu, ndiponso amene amapindula ndi amene amavutika ndi ulamuliro umenewo.

Chitsanzo cha ku Uganda komweko chingathandize. Kwa zaka zambiri lamulo la chigololo linkalanga mkazi wokwatiwa akagona ndi mwamuna wina aliyense, pamene mwamuna wokwatira ankalakwa pokhapokha akagona ndi mkazi wa mwini. Lamulo lothetsa ukwati nalonso linkalola mwamuna kusudzula mkazi pa chifukwa cha chigololo chokha, koma mkazi ankayenera kuwonjezera chifukwa china monga nkhanza kapena kusiyidwa. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa tsankho la m'lamulo losudzulana mu 2004 ndi la m'lamulo la chigololo mu 2007, mabungwe a maloya achizimayi atakadandaula. Kuti milandu yotere ipambane pamafunika anthu amene anakhala pansi n'kuwerenga malamulowo ndi diso la jenda, ndipo maloya otero ndi amene a Tamale akhala akuphunzitsa. Pofuna kulimbikitsa ntchitoyi anayambitsa pa Makerere pologalamu ya kafukufuku wa malamulo, jenda ndi zakugonana.

Buku lawo loyamba limakamba za chiyani?

When Hens Begin to Crow linachokera ku kafukufuku wa digiri yawo ya udokotala, ndipo limafotokoza za amayi a m'Nyumba ya Malamulo ya Uganda. Mutu wake unachokera ku mawu amene mwamuna wina anamukuwizira mayi wopikisana nawo pa chisankho, pomufunsa ngati anamvapo nkhuku yathadzi ikulira ngati tambala. Ku Buganda, dera la Abaganda m'dziko la Uganda, monganso kwathu kuno, thadzi likalira chotero anthu amati ndi malodza, ndiye munthu uja ankatanthauza kuti mayi woyankhula pabwalo la ndale ndi chinthu chosayenera kuchitika.

Nthawi imene a Tamale ankafufuza, Uganda inkatamandidwa kwambiri. Kuyambira 1989 boma la Yoweri Museveni linaika mpando wapadera wa mayi m'boma lililonse, malamulo oyendetsera dziko a 1995 anatsimikiza dongosololi, ndipo mayi wina, Specioza Kazibwe, anali wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira 1994. A Tamale anacheza ndi aphungu achizimayi ndi kuonerera zokambirana za m'Nyumbamo. Anapeza kuti kuchuluka kwa amayi kunasinthadi zinthu zina, koma kayendetsedwe ka Nyumbayo, nthabwala zonyoza, maudindo a m'makomiti ndi mphamvu zenizeni zinatsalabe m'manja mwa amuna. Anaonanso kuti aphungu a mipando yapadera panthawiyo ankasankhidwa ndi timagulu ta makhansala, ambiri mwa iwo amuna, osati ndi anthu onse ovota, zimene zinkachititsa kuti phungu aziona ngati mpando wake ndi mphatso yochokera kwa olamula.

Ndiye kuti iwo amatsutsa mipando yapadera ya amayi?

Ayi. Amaona mipandoyo ngati poyambira pofunika, koma amachenjeza kuti kuwerenga mitu kokha sikukwanira ngati amayiwo alowa m'nyumba imene malamulo ake onse anakonzedwa iwo kulibe. Zimene zinachitika mu 1998 zimachitira umboni chenjezoli. Phungu Miria Matembe anamenyera ndime yoti mkazi ndi mwamuna akhale eni ake onse awiri a malo amene banja limakhalapo ndi kulimapo, koma pamene lamulo la malo linkasindikizidwa, ndimeyo munalibemo. Amayi analipo m'Nyumba ya Malamulo, koma chinthu chimene mayi wa kumudzi ankachifunitsitsa chinasowa.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Malawi, chifukwa kuno kulibe mipando yapadera, ndipo mu 2017 bungwe lowunikanso malamulo linapereka ganizo loti boma lililonse likhale ndi mpando wa mayi, ganizo limene silinasanduke lamulo. Aliyense wofuna kudzutsanso ganizoli angachite bwino kuwerenga zimene a Tamale anapeza, kuti pamodzi ndi mipandoyo akambirenso za amene adzasankha aphunguwo ndi amene aphunguwo adzayankha kwa iwo.

N'chifukwa chiyani mu 2003 anatchedwa mayi woipitsitsa wa chaka?

Chaka chimenecho dziko la Uganda linkakonzekera kukhazikitsa bungwe loonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana. Pa zokambirana za lamulo lake, a Tamale ananena kuti anthu ogonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha nawonso ayenera kutetezedwa ku tsankho. Mawuwo atatuluka m'nyuzipepala, anthu ambiri anakwiya, ndipo kwa masabata angapo ankanyozedwa m'makalata a owerenga ndi pa wailesi. Pamapeto a chaka, owerenga nyuzipepala ya New Vision anawasankha kukhala mayi woipitsitsa wa chakacho.

Iwo sanabweze mawu awo, ndipo zimene anakumana nazo anazisandutsa nkhani ya kafukufuku, n'kulemba m'magazini ya Feminist Africa za mmene anthu a ku Uganda amakambira zakugonana. Lamulo la bungwe lija litatuluka mu 2007, linali ndi ndime yoletsa bungwelo kufufuza madandaulo okhudza khalidwe limene anthu ambiri amaliona ngati loipa. Loya wina, Adrian Jjuuko, anakaitsutsa ndimeyi kukhoti, ndipo mu 2016 khoti linagamula kuti ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, popeza bungwe loteteza osalidwa silingatsekere khomo anthu chifukwa choti ndi osalidwa.

Kodi ssenga ndi ndani, ndipo a Tamale analembapo zotani?

Kwa Abaganda, ssenga ndi azakhali, mlongo wa bambo, amene mwamwambo ndiye amalangiza mtsikana za kukula, za ukwati ndi za kuchipinda. Ntchito yake ikufanana ndi ya anankungwi ndi alangizi a kwathu, kusiyana kwake n'kwakuti ssenga amachokera m'banja momwemo. Mu 2005 a Tamale anafalitsa kafukufuku wa mwambowu, atacheza ndi alangizi ndi amayi amene amapita kukalangizidwa mumzinda wa Kampala, kumene ussenga unali utasanduka ntchito yolipidwa, yomveka pa wailesi ndi yopezeka m'nyuzipepala.

Zimene anapeza n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa zimasonyeza mtima wa ntchito yawo yonse. N'zoona kuti malangizo ambiri a ssenga amaphunzitsa mkazi kugonjera, kupirira ndi kusangalatsa mwamuna. Koma a Tamale anaona kuti m'chipinda cholangiziramo mumachitikanso zina zimene wongoonera patali sangazidziwe. Amayi ankafunsa mafunso okhudza chisangalalo chawo iwo eni, ankatsutsa malangizo ena, ndipo alangizi ena ankawalimbikitsa kukhala ndi ndalama zawozawo kuti asamadalire mwamuna pa chilichonse. Mwambo umene ena ankauona ngati goli lokhalokha unali ndi mpata umene amayi ankapezamo mphamvu.

M'kafukufuku yemweyo anakamba za mwambo wokoka, umene umadziwikanso m'madera ambiri a Malawi, Zambia ndi Mozambique. Panthawiyo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkauika m'gulu limodzi ndi mdulidwe wa akazi, ndipo a Tamale anatsutsa zimenezi ponena kuti kuphatikiza zinthu zosiyana chotero kumachokera ku kusamvetsera zimene amayi eni ake amanena. Mfundo imeneyi ili ndi oitsutsa, ndipo zifukwa zawo zafotokozedwa pa funso la otsutsa m'munsimu.

Anthu ena amati iwo ndi mdani wa chikhalidwe cha Afrika. Kodi n'zoona?

Amene wawerenga zolemba zawo sangavomereze zimenezi. Chimodzi mwa zinthu zimene a Tamale amadzudzula kwambiri ndi chizolowezi cha mabungwe a zaufulu, a kunja ndi a konkuno, choona chikhalidwe ngati gwero la mavuto onse a mayi wa mu Afrika, ngati kuti ufulu uli tsidya lina ndipo mwambo uli tsidya lina. Iwo amati mayi wa kumudzi amakhala m'chikhalidwe chake tsiku lililonse, ndipo ufulu umene ungamufike ndi umene ukuyankhula m'chinenero cha moyo wakewo. Amakumbutsa kuti pangano la Maputo la 2003 lokhudza maufulu a amayi a mu Afrika, m'ndime 17, limapatsa amayi ufulu wokhala m'chikhalidwe chowakomera ndi kutenga nawo mbali posankha mmene chikhalidwecho chiyendere.

Amanenanso kuti zambiri zimene lero timazitcha mwambo zinaumbidwa m'nthawi ya atsamunda, pamene akuluakulu a boma ankafunsa mafumu ndi amuna achikulire okha kuti mwambo umati chiyani, n'kulemba mayankho awo ngati lamulo losasinthika. Mwambo umene unali wamoyo ndi wokambirana unaumitsidwa papepala, ndipo mawu a amayi sanalowemo. M'buku la 2020 a Tamale amapita patsogolo n'kunena kuti maziko a chilungamo pakati pa amuna ndi akazi angapezeke m'nzeru ya ubuntu, imene ife timaitcha umunthu, yoti ulemu wa munthu umalumikizana ndi ulemu wa anzake. Mdani wa chikhalidwe sangamange mfundo zake pa umunthu.

Amayankha bwanji mfundo yoti kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha n'kwachilendo mu Afrika?

Yankho lawo lili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi mbiri. Amatchula umboni wolembedwa ndi ofufuza wosonyeza kuti mitundu yambiri inali ndi anthu amene sankatsata njira imodzi yokha ya umuna ndi ukazi, ndipo inali ndi mayina awo. Chitsanzo chimodzi ndi cha mudoko dako pakati pa Alangi a kumpoto kwa Uganda, amuna amene ankatengedwa ngati akazi ndipo ankaloledwa kukwatiwa. Amatchulanso za Kabaka Mwanga wachiwiri wa Buganda, mfumu ya m'nthawi ya ofera chikhulupiriro a ku Namugongo mu 1886, amene mbiri imanena kuti ankagona ndi anyamata otumikira kunyumba yachifumu. Palinso maukwati a mkazi ndi mkazi mnzake pakati pa Anandi a ku Kenya ndi Aigbo a ku Nigeria, ngakhale kuti amenewa cholinga chawo chachikulu chinali kusunga mbumba ndi chuma. Mfundo yawo n'njakuti banja la mu Afrika silinakhalepo la mtundu umodzi wokha.

Mbali yachiwiri ndi ya malamulo. Ndime 145 ya malamulo a milandu a ku Uganda, monganso ndime 153 ya malamulo a milandu a ku Malawi, inabwera ndi atsamunda a ku Britain, ndipo mawu ake amafanana ndi a ndime 377 ya malamulo amene Britain inalembera India mu 1860. Choncho a Tamale amati chimene chinachokera kunja motsimikizika ndi lamulo lomanga anthu. Munthu angasiyane nawo maganizo pa zifukwa za chikhulupiriro chake, ndipo ambiri amasiyana nawodi, koma za kumene ndimezi zinachokera n'zolembedwa m'mbiri ndipo sizitsutsika.

Anatengapo mbali yanji pa malamulo a 2009, 2014 ndi 2023?

Mu Okutobala 2009 phungu wa ku Uganda David Bahati anabweretsa bilu imene inkafuna chilango cha imfa pa milandu ina yokhudza kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha. Mwezi wotsatira, pa zokambirana zapoyera ku Makerere pamene a Bahati analipo, a Tamale anaisanthula biluyo ndime ndi ndime. Anayamba ndi kuvomereza kuti kuteteza banja ndi ana n'kofunika, kenaka anaonetsa kuti biluyo sikanachita zimenezo. Anakhalitsa pa ndime imene inkalamula munthu aliyense waudindo kukanena kupolisi pasanathe maola 24 akadziwa za munthu wotere, apo ayi amangidwe. Ndime imeneyo inkatanthauza kuti mayi akanene mwana wake, mphunzitsi wophunzira wake, dokotala wodwala wake ndi m'busa nkhosa yake. Anafunsa kuti lamulo loika apolisi pakati pa kholo ndi mwana lingalimbitse bwanji banja, ndipo anakumbutsa kuti ana ambiri ogwiriridwa ndi atsikana ochitidwa nkhanza ndi amuna, nthawi zambiri achibale, nkhani imene biluyo sinaikhudze.

Lamuloli linasainidwa mu Febuluwale 2014 chilango cha imfa chitachotsedwamo, koma pa 1 Ogasiti chaka chomwecho khoti linalithetsa chifukwa aphungu amene analipo polivomereza sanakwane chiwerengero chofunika. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la a Oloka-Onyango, amene anali woyamba pa mndandanda wa odandaula. Mu Meyi 2023 Pulezidenti Museveni anasaina lamulo latsopano lokhwima kwambiri, lokhala ndi chilango cha imfa pa milandu ina ndi zaka mpaka 20 kwa wopezeka akulimbikitsa mchitidwewu. A Tamale anali mmodzi mwa amene anakalitsutsa kukhoti. Mu Epulo 2024 khoti linachotsa ndime zochepa, kuphatikizapo yokakamiza anthu kukanena anzawo, koma linasiya mbali yaikulu ya lamulolo. Ku Malawi nakonso, mu Juni 2024, khoti linagamula kuti ndime zoletsa kugonana kotereku zikhalebe.

N'chifukwa chiyani pulofesa anasankha kukamba za kuvula pa mwambo waulemu wa yunivesite?

Munthu akakwezedwa kukhala pulofesa, mwambo wa yunivesite umafuna kuti akambe phunziro lapadera pamaso pa anzake ndi anthu onse. A Tamale anakamba lawo pa 28 Okutobala 2016, ndipo anali mayi woyamba kutero pa Makerere. Mutu wake unali wokhudza kuvula, zionetsero ndi malamulo ku Uganda.

Panali zinthu ziwiri zimene zinali zitangochitika. Mu Epulo 2015 amayi achikulire a mtundu wa Acholi m'boma la Amuru anavula pamaso pa nduna za boma zimene zinabwera pa nkhani ya malire a malo a ku Apaa, chifukwa ankaopa kulandidwa minda yawo. Mu Epulo 2016 Dokotala Stella Nyanzi, wofufuza wa pa Makerere pomwepo, anavula potsutsa kutsekeredwa ofesi yake pa mkangano wa kuntchito. A Tamale anavomereza poyera kuti poyamba zimene mnzawoyo anachita zinawadzidzimutsa ndi kuwachititsa manyazi, ndipo kuti manyazi amenewo ndi amene anawachititsa kufunsa kumene anachokera.

M'phunzirolo anaonetsa kuti kuvula kwa amayi pokwiya ndi njira yakale mu Afrika, imene inaoneka pa kuukira kwa amayi a kum'mawa kwa Nigeria mu 1929 ndiponso ku Nairobi mu 1992, pamene amayi a akaidi a ndale anavula apolisi atawamenya ku Uhuru Park. M'miyambo yambiri thupi la mayi wobereka likaonetsedwa mwaukali limakhala temberero, ndipo mayi amafika pamenepo njira zina zonse zitatsekeka. Pambali ya malamulo, ananena kuti kuvula kwa chionetsero n'kosiyana ndi zolaula, popeza cholinga chake si kudzutsa chilakolako. Anadzudzulanso lamulo loletsa zolaula la 2014, limene anthu analitcha lamulo la timasiketi tatifupi, ndipo litangotuluka amayi ena anavulidwa m'misewu ndi magulu a amuna. Khoti linathetsa mbali zikuluzikulu za lamuloli mu 2021. Amalawi amene akukumbukira lamulo la kavalidwe la 1973, ndi kuvulidwa kwa amayi ovala mathalauza m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2012, akudziwa kuti lamulo kapena mphekesera yokhudza zovala za amayi imasanduka msanga chilolezo cha nkhanza.

Anachitapo chiyani pa nkhanza zokhudza kugonana payunivesite?

Anali mmodzi mwa amene anakankha kuti Makerere ikhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanzazi, imene inakhazikitsidwa mu 2006. Mu 2018, madandaulo okhudza aphunzitsi ofuna kugona ndi ophunzira posinthana ndi malikisi atachuluka, akuluakulu a yunivesite anawasankha kutsogolera komiti yofufuza. Komitiyo inapeza kuti vutoli linali lofala ndipo ambiri sankadandaula poopa kubwezeredwa, ndipo pambuyo pake ndondomeko ija inakonzedwanso. Ntchito imeneyi sitchuka ngati mikangano ya m'nyuzipepala, koma kwa mtsikana wa chaka choyamba amene mphunzitsi wamuitanira ku ofesi madzulo, n'kutheka kuti ndi imene ili yofunika kuposa zonse.

Kodi munthu angakhale wofufuza wosakondera pamene alinso womenyera ufulu?

A Tamale sabisa mbali imene ali. Amadzitcha womenyera ufulu wa amayi, ndipo anali m'gulu limene linakonza msonkhano wa African Feminist Forum ku Accra mu 2006. Kwa iwo, lamulo lenilenilo silinakhalepo losakondera, monga malamulo a chigololo ndi kusudzulana amene tawatchula pa funso lachitatu akusonyezera, ndiye mphunzitsi amene amaliphunzitsa popanda kulifunsa mafunso nayenso watenga mbali, kungoti sananene.

Pali ngozi yeniyeni pamene wofufuza ayamba ndi yankho n'kumafunafuna umboni wolikometsa. Muyeso wabwino ndi kuona ngati munthuyo amalola umboni kumusintha maganizo. Kafukufuku wa ssenga ndi phunziro la 2016 zimasonyeza munthu amene anapeza zosiyana ndi zimene ankayembekezera ndipo anazilemba momwemo. Kulumikiza maphunziro ndi udindo kwa anthu si chinthu chachilendo m'mayunivesite a mu Afrika, chifukwa chikalata cha ku Kampala cha 1990 chokhudza ufulu wa ophunzira mozama chinaika ufuluwo pamodzi ndi udindo wawo kwa anthu. Aphunzitsi a ku Chancellor College ku Zomba anamenyera ufulu womwewo mu 2011, mkulu wa apolisi atafunsa mafunso mphunzitsi wina pa zimene ananena m'kalasi.

Nanga otsutsa amati chiyani, ndipo pali mfundo zawo zomveka?

Otsutsa ali m'magulu osiyana. Atsogoleri ambiri a mipingo ndi andale amati a Tamale akufalitsa maganizo a kunja. Mayankho a mafunso okhudza chikhalidwe ndi mbiri ya malamulo akuonetsa chifukwa chake chinenezo chimenechi n'chofooka, makamaka poti iwo amadzudzula kwambiri mayiko a azungu ndi mabungwe opereka thandizo.

Mfundo zolimba zimachokera kwa anzawo omenyera ufulu wa amayi. Ena amati pa nkhani ya kukoka, mawu a amayi akuluakulu amene amakondwera ndi mwambowu sakuyankha funso la mtsikana wamng'ono amene amauyamba asanafike msinkhu wosankha yekha, nthawi zina poopa kusekedwa kapena kudzakanidwa ndi mwamuna. Funso limeneli n'lolemera, ndipo aliyense woteteza mwambowu ayenera kuliyankha mosazemba. Ena amachenjeza kuti umunthu, ngakhale uli nzeru yabwino, wagwiritsidwapo ntchito pouza mayi womenyedwa kuti apirire pofuna kusunga mtendere wa pamudzi, ndiye pamafunika kunena momveka kuti ndi umunthu uti umene ukukambidwa ndipo akuutanthauzira ndani. Palinso dandaulo loti mabukuwa ali m'Chingerezi cha kuyunivesite, chimene amayi ambiri amene akukambidwamo sangachiwerenge. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo likukhudza pafupifupi onse ofufuza a mu Afrika.

Wofuna kuwerenga ayambire pati?

Wophunzira zandale kapena womenyera kampeni ya 50:50 ayambe ndi buku la 1999, chifukwa ndi losavuta kutsata ndipo lili ndi mawu a aphungu eni ake. Wogwira ntchito za umoyo, uphungu wa mabanja kapena za Edzi angapindule ndi African Sexualities, limene lili ndi kafukufuku, ndakatulo ndi nkhani za moyo wa anthu zochokera m'mayiko ambiri a mu Afrika, ndipo siliyenera kuwerengedwa motsatira masamba kuyambira koyamba. Linakonzedwa pofuna kuthetsa chizolowezi chokamba zakugonana mu Afrika pokhapokha pakakhala matenda, nkhanza kapena kuchulukana kwa anthu.

Buku la 2020 ndi lozama kuposa enawo. Limasiyanitsa kuchoka kwa atsamunda ndi kutha kwa maganizo a utsamunda m'malamulo, m'maphunziro ndi m'mabanja, ndipo lili ndi mutu wonse wokhudza wothamanga wa ku South Africa, Caster Semenya, ndi mmene akuluakulu a zamasewera anaweruzira thupi lake. Limafuna kuwerenga modekha, makamaka pagulu la anthu angapo amene angamakambirane mutu umodzi pa nthawi. Zolemba zazifupi, monga ya ssenga ija, zinatuluka m'magazini ya Feminist Africa, imene imapezeka pa intaneti mwaulere.